Musanagulitse nyumba ya lendi ku England, yambani mwawerengera gawo la HMRC

Pakati pa ife Amalawi okhala ku England pafala chikhulupiriro choti munthu akagulitsa nyumba imene amachititsa lendi, n'kugwiritsa ntchito ndalamazo pogula nyumba yoti azikhalamo yekha, boma silimudula msonkho chifukwa ndalamayo yangochoka m'nyumba ina n'kulowa m'nyumba ina. Zimenezi si zoona, ndipo zimandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa ambiri amazitulukira atasaina kale mapepala.

A HMRC, bungwe la boma lotolera misonkho ku UK, safunsa kumene ndalama yapita. Iwo amayang'ana phindu limene mwapeza pogulitsa, ndipo paphindulo amadulapo Capital Gains Tax, imene ndi 18 kapena 24 peresenti malinga ndi ndalama zimene mumalandira pachaka. Tiyerekeze kuti munagula nyumba ku Leeds pamtengo wa £150,000 ndipo mwaigulitsa £220,000. Pa £70,000 imene yawonjezerekayo muchotsapo zimene munalipira maloya ndi okugulitsirani, tinene £7,000, kenako £3,000 imene munthu aliyense amakhululukiridwa pachaka kuyambira mu 2024. Yotsala ndi £60,000, ndipo kwa munthu wamalipiro apamwamba msonkho wake ndi £14,400. Ngongole imene yatsala kubanki sichotsedwa powerengera phinduli, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa, chifukwa zimene zalowa mu akaunti banki itatenga zake zimaoneka zochepa pomwe msonkho wawerengeredwa pa phindu lonse. Ndalama zomangira chipinda chowonjezera zimachotsedwa, koma za penti ndi kukonza mipope yodontha ayi.

Nthawi nayo ndi yochepa. Msonkhowu uyenera kulengezedwa ndi kulipidwa pasanathe masiku 60 kuchokera tsiku limene malonda atsirizika, ndipo wochedwa amalipira chindapusa ndi chiwongola dzanja. Amene anakhalapo m'nyumbayo asanaichititse lendi amachepetseredwa msonkho pa zaka zimene anakhalamo komanso miyezi 9 yomaliza.

Maganizo anga ndi akuti nyumba ya lendiyo igulitsidwe kaye, msonkho uikidwe pambali, ndipo zotsalazo n'zimene munthu ayendere nazo kukaona nyumba. Kuchita mosemphanitsa kumadula. Kuyambira pa 31 Okutobala 2024, wogula nyumba ali kale ndi ina amawonjezeredwa 5 peresenti pa Stamp Duty, msonkho umene munthu amalipira pogula nyumba, kotero kuti pa nyumba ya £300,000 amalipira £15,000 pamwamba pa msonkho wanthawi zonse. Ena amadzilimbitsa mtima kuti adzabwezeredwa akadzagulitsa inayo, koma kubwezako kumakhudza okhawo amene agulitsa, pasanathe zaka zitatu, nyumba imene ankakhalamo iwo eni. Banja limene likukhala m'nyumba yobwereka kwinaku likuchititsa lendi nyumba yawo ina, imene silinakhalemo pa zaka zitatu lisanagule yatsopanoyo, silidzaionanso ndalama imeneyo.

Palinso mbali imene imatikhudza ife makamaka, ngakhale sitikonda kuikamba. Lamulo la 5 peresenti yowonjezerayi limawerengera nyumba zimene muli nazo kulikonse padziko, malinga ngati mtengo wake ukufika £40,000. Nyumba imene munamanga pang'onopang'ono ku Area 47 kapena ku Namiwawa, mukutumiza ndalama za simenti ndi malata mwezi ndi mwezi, imawerengedwa, ngakhale mukukhala achibale osalipira kalikonse. Nyumba yolembedwa m'dzina la mkazi kapena mwamuna wanu imawerengedwanso ngati yanu, ndipo amene anakhalapo ndi nyumba kumudzi sapatsidwa mwayi wochepetseredwa Stamp Duty umene ogula nyumba koyamba amapatsidwa. Ndimamva ena akulangizana kuti loya akafunsa ungoyankha kuti ulibe kalikonse, poti ndani angakafufuze ku Lilongwe. Uphungu umenewo ndi woopsa, chifukwa wosaina fomuyo ndinu, ndipo bodza likadziwika mlandu wake umagwera inu, osati amene anakulangizani. Ndi bwino kulipira katswiri wa misonkho kuti awerengere zonsezi, kuphatikizapo nyumba ya kumudziyo, musanaike chikwangwani pakhomo.