Musanakweze ma GHz yambani mwachotsa fumbi

Anyamata ambiri muno mu Lilongwe akangoonera vidiyo pa YouTube munthu akukweza liwiro la CPU (ubongo wa kompyuta) yake kudutsa 5 GHz, zomwe amati overclocking, basi nawonso liwiro kupita mu BIOS (ma setting a board ya kompyuta) kukasintha multiplier (nambala yokwezera liwiro la CPU), koma ine ndikuti dikirani kaye abale anga. Munthu ujatu akuyezera m'chipinda cha AC, pomwe ife mu Okutobala m'nyumba yamalata ku Area 25 kapena ku Kawale masana kutentha kumadutsa madigiri 30. Fani ya pa CPU sipanga mpweya wozizira ayi, imangokoka womwe uli m'chipindamo, nde chipinda chikatentha ndi madigiri 10 CPU nayo imakwera pafupifupi 10 omwewo musanakhudze chilichonse.

Kenako nkhani ya voltage. Kuti CPU isamazime mukaikweza mumayenera kuwonjezera Vcore (voltage yopita ku CPU), ndipo apa kutentha kumachita kulumpha, sikukwera mwaulemu ayi. Ma Intel ambiri akafika 100°C amadzichepetsa okha liwiro kuti asapse, Ryzen 7000 pa 95°C, mapeto ake makina mwakwezawo akuyenda mwaulesi kuposa poyamba. Intel yeniyeniyo mu 2024 inavomera kuti ma CPU ake ena a 13th ndi 14th gen amaonongeka ndi voltage yokwera mpaka inawonjezera warranty ndi zaka 2. Nanga ife tikadandaula kwa ndani, zinthu tinachita kuitanitsa kunja ndi forex yosowayi? Zimandiwawa ine kuona mwana wasunga ndalama chaka chonse kenako waotcha board chifukwa cha ma FPS (kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi mu gemu) ochepa chabe.

Tsegulani kesi ya kompyuta muone nokha. Nyengo yopanda mvula fumbi limamata pa heatsink (chitsulo choziziritsa CPU) ngati bulangete, mpweya osadutsa, thermal paste (phala lopaka pakati pa CPU ndi cooler) yauma gwa moti mukachotsa cooler imangoyoyoka. Pukutani bwinobwino, ikani kadontho kamodzi ka paste yatsopano pakati, fani yakutsogolo izikoka mpweya yakumbuyo izitulutsa, ndipo kompyutayo ichoke pansi pa simenti. Ka cooler kobwera mu bokosi la CPU kaja katayeni, ngakhale cooler ya Hyper 212 yakale ija imasintha zinthu.

Komanso si makina onse amalola kukwezedwa. Ma Dell OptiPlex ndi ma HP akaunjika aja BIOS yake ndi yokhoma, ku Intel pamafunika CPU yokhala ndi K pa dzina lake ndi board ya chipset ya Z, ma Ryzen ndi omwe ambiri ali otsegula. Ngati zonsezi muli nazo, kwezani pang'onopang'ono, muyeze ndi mapulogalamu opanikiza CPU ngati Cinebench kapena Prime95, HWiNFO yoonetsa kutentha ili yotsegula, ndipo muyeze masana dzuwa likuswa mtengo osati usiku. Ndi magetsi athu othimathimawa PSU (power supply) yotchipa musaiyese nkomwe, UPS (batire yogwira magetsi akathima) ikhalepo.

Ine kwanga ndimangoyatsa XMP (setting yothamangitsa RAM) kenako kutsitsako voltage ya CPU pang'ono, undervolt, makina amazizira ndipo boost (liwiro lomwe CPU imadzikweza yokha) imakhala nthawi yaitali osatsika.