Inshuwalansi ya masetilaiti imabweza ndalama, koma zaka zimapita

Pa 6 Seputembala 2003, m'fakitale ya Lockheed Martin ku Sunnyvale, California, mainjiniya ankafuna kugoneka chambali setilaiti yoona zanyengo yotchedwa NOAA-N Prime. Inali itakhazikidwa pa chingolo chachitsulo chomwe chimatha kuigoneka ndi kuidzutsa. Atangoyamba kupendeketsa, chinthu chija chinatsetsereka n'kugwa pansi, khuu! Ofufuza anapeza kuti mabawuti 24 amene amayenera kuigwira panalibe. Wina anali atawamasula kale osalemba paliponse, ndipo anthu a tsiku limenelo anakhulupirira pepala lakale m'malo moyang'ana ndi maso awo. Kukonza kunadya madola 135 miliyoni, ndipo setilaiti ija inadzapita mumlengalenga mu 2009.

Abale anga, ndikudziwa kuti ena mukuti kodi za maroketi zikutikhudza chiyani ife a ku Ndirande ndi ku Bangwe, pomwe ngakhale mafuta a galimoto timachita kuwagonera pamzere. Dekhani kaye. Ine nkhaniyi imandikoka chifukwa imaonetsa poyera zimene ife kuno sitifuna kumva zokhudza inshuwalansi. Ambirife inshuwalansi timaidziwa ngati kapepala ka third party komata pagalasi, koti wapolisi wa pamsewu akatiimitsa pa Kamba kapena pa Chirimba tisalipe. Zimene zalembedwa mkati mwa mgwirizanowo, ndi angati tinaziwerengapo? Anthu opanga zipangizo za mumlengalenga sangayerekeze n'komwe kuchita zimenezo, pakuti chinthu chawo chikangonyamuka palibe makaniko angachilondole.

Malonda amenewa anayamba mu 1965, pomwe a Lloyd's, msika wa inshuwalansi wa ku London, anapereka inshuwalansi ya setilaiti ya Early Bird. Kuyambira pamenepo moyo wa setilaiti anaudula m'zigawo, chigawo chilichonse ndi mgwirizano wakewake. Ikadali m'fakitale komanso pa ulendo wopita kumalo onyamukira, nthawi zambiri udindo umakhala wa kampani yoipanga. Injini za roketi zikangoyatsidwa kuti inyamuke, mgwirizano wina umayamba, ndipo kawirikawiri umafika mpaka chaka choyamba ili mumlengalenga. Kenako mwini wake amalipira chaka ndi chaka, a inshuwalansi ataona kaye ngati mabatire ndi masola zikadali bwino. Zikumveka ngati nkhani ya maloya chabe mpaka tsiku loti tsoka ligwere pamalire enieni.

Linagweradi pamalire pa 1 Seputembala 2016 ku Cape Canaveral. Roketi ya Falcon 9 ya SpaceX inaphulika akuithira mafuta pokonzekera kuyesa injini, kutangotsala masiku ochepa kuti inyamuke. Pamwamba pake panali kale setilaiti ya Amos-6, yopangidwa ndi Israel Aerospace Industries, imene Facebook inkafuna kugwiritsa ntchito pobweretsa intaneti kumayiko a kuno kumunsi kwa Sahara. Inapsa yonse. Inshuwalansi ya ponyamuka siinagwire ntchito, chifukwa malinga ndi mawu a mgwirizano ulendo unali usanayambe. Chimene chinapulumutsa anthu ndi inshuwalansi ina ija ya katundu asananyamuke, imene opanga setilaiti anali atagula. Tangoganizani akanakhala kuti wina mu ofesi anati tiyeni tipulumutse ndalama, masiku awiri atsalawa sikanthu.

Ndiye kwa amene mumati inshuwalansi ndi umbava wovala tayi, sindikugwirizana nanu. Imalipira ndithu, ndipo nthawi zina imachita zodabwitsa. Mu Febuluwale 1984 masetilaiti awiri, Palapa B2 ya Indonesia ndi Westar 6, anatsakamira panjira yolakwika maroketi awo aang'ono atakanika. A inshuwalansi analipira, katunduyo n'kusanduka wawo, kenako anagwirizana ndi NASA kuti akawatengere. Mu Novembala chaka chomwecho anthu a m'chombo cha Discovery anatuluka panja, n'kuwagwira masetilaiti onse awiri, ndipo mmodzi wa iwo, Dale Gardner, anajambulitsa atanyamula chikwangwani chotsatsa malonda. Onse awiri anakonzedwa, anagulitsidwa, n'kubwereranso mumlengalenga mu 1990.

Koma sindikugwirizananso ndi amene amati chinthu chikakhala pa inshuwalansi ndiye basi tigone tulo. Funsani anzathu a ku Nigeria. NigComSat-1 yawo, yopangidwa ku China, inanyamuka mu Meyi 2007, n'kufa mu Novembala 2008 masola ake atalephera kupereka mphamvu. Inali pa inshuwalansi, inde, ndipo yolowa m'malo inapangidwa, koma inanyamuka mu Disembala 2011. Angola inakumana nazo zoposa pamenepo. Angosat-1 inanyamuka ku Baikonur mu Disembala 2017, inasiya kuyankha pasanapite nthawi, ndipo Angosat-2 inadzakwera mu Okutobala 2022. Zaka pafupifupi zisanu dziko likudikira chinthu chomwe linalonjeza anthu ake pawailesi. Makasitomala amene ukanakhala nawo apita kwina, mainjiniya amene unawaphunzitsa akhala akuyang'ana makompyuta opanda chowongolera, ena apeza ntchito kunja. Cheke cha inshuwalansi sichifika kumeneko.

N'chifukwa chake gawo lalikulu la ntchito yopewa ngozi limachitikira m'fakitale momwemo, ndipo ndi ntchito yotopetsa, yopanda ulemerero. Munthu asanalowe m'chipinda chopangira setilaiti amavala chovala chophimba thupi lonse, tsitsi ndi ndevu zomwe, magolovesi m'manja, kachingwe padzanja koti magetsi a m'thupi mwake asawotche tizipangizo. Zotsekera zonse zofunika kuchotsa isananyamuke zimakhala ndi kansalu kofiira, ndipo akazichotsa amaziwerenga chimodzichimodzi. Sipanala iliyonse imene yalowa iyenera kutuluka. Akamaliza amaiika setilaiti patebulo loigwedeza mwamphamvu ngati mmene roketi idzachitire, kenako m'chithanki chopanda mpweya momwe amaitenthetsa ndi kuiziziritsa mobwerezabwereza. Chilichonse chimene chachitika chimalembedwa, wochita amasaina, wina woona amasainanso. A inshuwalansi akabwera, mainjiniya awo amafuna mabuku amenewo. Amafunsa kuti batire la mtundu uwu lauluka kale pa masetilaiti angati, ndi liti linavutapo, munasintha chiyani chichokereni nthawi imeneyo. Chipangizo chatsopano chopanda mbiri mtengo wake wa inshuwalansi umakwera, nthawi zina amachikana kumene.

Apa m'pamene mtima wanga umawawa ndikaona mmene timagwirira ntchito kuno. Tonse tinaimapo pagalaja ina, makaniko atamaliza kumanga injini, m'kachitini mwatsala mabawuti atatu ndi kawashala, iye n'kumwetulira amvekere, "Bwana musadandaule, awa ndi owonjezera." Luso ali nalo, manja ake ndi odala kuposa a anthu ambiri a masatifiketi. Chimene chikusowa ndi chizolowezi cholemba ndi kulola mnzako aone ntchito yako popanda kuona ngati wakunyoza. Kuno ukafunsa wamkulu wa pantchito kuti bambo mwamanga bwino apa, yankho lake ndi loti iwe unabadwa liti. Ku Sunnyvale kuja anthu anali ophunzira kwambiri, koma chimene chinawagwetsa ndi chomwechi, kuganiza kuti poti tinachitapo kambirimbiri palibe chifukwa choyang'ananso.

Msika wa inshuwalansi imeneyi ndi waung'ono, makampani ake ndi owerengeka padziko lonse, ndiye tsoka limodzi lalikulu limagwedeza onse. Mu 2023 setilaiti ya ViaSat-3 inafika bwinobwino mumlengalenga koma chimbale chake chachikulu chotumizira ndi kulandirira mauthenga chinakana kutambasuka mokwanira, eni ake n'kupempha ndalama zoposa madola 400 miliyoni. Chaka chimenecho a inshuwalansi anayenera kulipira zambiri kuposa zimene anatolera, mitengo inakwera, ena anatuluka m'malondawo. Pali ena amene asankha njira ina. Starlink, intaneti ya pa masetilaiti ya SpaceX yomwe timbale take tayamba kuoneka pamadenga ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe chiyambireni 2023, imadalira kuchuluka. Mu Febuluwale 2022 anataya masetilaiti pafupifupi 40 mwa 49 amene anali atangowatumiza, chifukwa cha mkuntho wochokera ku dzuwa, koma ntchito siinaime popeza ena anali kale masauzande ndipo fakitale imatulutsa atsopano mosalekeza. Zimenezo zimatheka kwa mwini roketi ndi fakitale yake. Dziko ngati lathu, likadzagula setilaiti, idzakhala imodzi yokha, mwinanso yangongole. Ndiye tsiku limene nduna ina idzaimirire pa Chichiri kulengeza zimenezo, atolankhani asadzafunse za dzina lake ndi mtundu wa penti. Adzafunse kuti inshuwalansi ikuyamba mphindi iti, ikutha liti, ikafa theka amalipira bwanji, ndipo yolowa m'malo idzatenga zaka zingati.

Musaone ngati ndikulota. Ife tinalawapo kale inshuwalansi yodalira masetilaiti. Nyengo ya ulimi ya 2015/16 boma lathu linagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union, pamtengo wa pafupifupi madola 5 miliyoni. Iwo amayeza mvula pogwiritsa ntchito masetilaiti, kompyuta n'kuwerengera kuti ndi anthu angati akhudzidwa. Chilala chinabwera, mu Epulo 2016 pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Koma kompyuta ija inati okhudzidwa ndi ochepa, palibe cholipira. Atafufuza anapeza kuti m'mawerengedwe aja munalowetsedwa chimanga chochedwa kucha, pomwe alimi ambiri anali atabzala mbewu yocha msanga, imene ng'amba inaipeza pa nthawi yoipitsitsa. Setilaiti inaona mvula molondola, cholakwika chinali mzere umodzi wa zimene anthu anagwirizana patebulo. Atakonza, ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni zinafika mu Januwale 2017, anthu atavutika kale miyezi yambiri. Mlangizi aliyense wa zaulimi ku Lunzu kapena ku Chikwawa akanatha kunena mbewu imene anthu akubzala, akanangofunsidwa.

Namondwe wa Freddy atagumula Soche mu Malichi 2023, tinaika maliro ku Chilobwe, ndipo amene anatsala ambiri anayambiranso ndi manja okha. Eni mashopu ndi tinyumba ta lendi amene ali ndi mapepala a inshuwalansi m'kabati, ndikukayika ngati ambiri angayankhe lero lino ngati mgwirizano wawo ukuphatikiza madzi osefukira ndi kugumuka kwa phiri kapena ndi wa moto wokha. Mlandu ndimaugawa pawiri. Ife sitiwerenga, koma nawonso ogulitsa amatipatsa masamba ambirimbiri a Chingerezi cha maloya, timalemba tating'onoting'ono, n'kutilozera posaina. Kampani yopanga setilaiti imalemba ntchito akatswiri oti akangane pa liwu limodzi lokha kwa milungu. Mayi wogulitsa zitenje mu Limbe alibe katswiri.

Inu amene mumagwira ntchito m'makampani a inshuwalansi m'tauni muno, ndipo ndikudziwa kuti ena muli pompano mukuwerenga, chikuletsa n'chiyani kuti pamwamba pa mgwirizano uliwonse pakhale tsamba limodzi la Chichewa, lonena tsiku ndi ola limene chitetezo chikuyamba, limene chikutha, ndi zinthu zimene simudzalipira? Ngati pali kampani imene ikuchita kale zimenezi, ndiuzeni, galimoto yanga inshuwalansi ikutha mwezi wamawa.