Chithunzi cha BI ya amayi anga chili mufoni ya ndani?

Sabata yatha ndinaperekeza amayi anga ku msika wa Ulongué, kuno ku Mozambique, kukagula SIM yatsopano, popeza yakale inatayika pamodzi ndi foni pa maliro ku Domué. Mnyamata wolembetsa anatenga BI yawo, chitupa cha unzika, n'kuijambula mbali zonse ziwiri, kenako anawajambula nkhope. Pomwe amafunafuna chithunzicho mufoni yake, ndinaona mndandanda wa zitupa za anthu ena, mayina, masiku obadwa, nkhope za agogo ndi za anyamata. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, kodi mukamaliza mumafufuta?" Iye anangoti, "Zimakhala momwemo, bambo." Mnyamatayo sindikumuimba mlandu, akusaka chakudya cha ana ake. Koma foni ija ikadzabedwa kapena kugulitsidwa, dzina ndi nkhope ya amayi anga zidzapita nayo kwa munthu amene sitikumudziwa, ndipo iyeyo angathe kutsegula nazo nambala yochitira umbava.

Ambiri tinayiwala komwe kulembetsa kumeneku kunachokera. Mu Seputembala 2010 anthu a ku Maputo anakwiya ndi kukwera mtengo kwa buledi, ndipo ankaitanizana kumsewu kudzera pa SMS. Mauthengawo anatsekedwa kwa masiku angapo, kenako boma linalamula kuti SIM iliyonse ikhale ndi dzina la mwini wake. Ndikuvomereza kuti kudziwa mwini nambala kumathandiza pogwira akuba. Nanga bwanji uthenga uja wakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" umabwerabe mpaka lero? Wakuba amalembetsa ndi chitupa cha wina, pomwe ife osalakwa ndi amene tinapereka zathu zenizeni.

Foni ili m'thumba mwanuyo sigona. Nthawi zonse imauza nsanja yoyandikira kuti ili pano. Amene mumapita ku Calomue mukudziwa momwe imasinthira yokha n'kugwira netiweki ya ku Malawi musanaone n'komwe phiri la Dedza bwinobwino. Choncho kampani ya foni imadziwa dera lomwe munagona, nambala yomwe munaimbira usiku, ndi mphindi zomwe munalankhula. M-Pesa ndi e-Mola zimasunga amene munamutumizira ndalama ndi kuchuluka kwake. Zinthu zimene ngakhale mlongo wanu sazidziwa zili m'makompyuta a anthu amene simudzawaonapo.

Za kunja nazo si zochepa. Facebook, WhatsApp ndi Instagram zonse ndi za kampani imodzi, Meta, yomwe inagula WhatsApp mu 2014. Mawu a pa WhatsApp amayenda atatsekedwa, inde, koma nambala yanu, nthawi zomwe mumalowa ndi magulu omwe mulimo zimadziwika. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ina yotchedwa Cambridge Analytica inatola mbiri za anthu a pa Facebook ofika 87 miliyoni n'kuzigwiritsa ntchito pa ndale. Mu 2019 WhatsApp yomweyo inasumira kampani ya NSO Group ya ku Israel chifukwa pulogalamu yake ya Pegasus inalowetsedwa m'mafoni a anthu pafupifupi 1,400, ena mwa iwo atolankhani ndi omenyera ufulu. Pegasus ikalowa imawerenga zonse, imayatsa kamera mwini wake osadziwa, ndipo ogula ake ndi maboma.

Ife tinazilawa tokha mu Okutobala 2024. Titavota pa 9, pasanathe mwezi intaneti ya pafoni inayamba kudulidwa, Facebook ndi WhatsApp zinatsekedwa. Kuno ku Angónia alimi a mbatatesi amene amagwirizana mitengo ndi ogula a ku Tete ndi ku Beira pa WhatsApp anangoyang'ana mamega awo akutha ntchito. Masiku amenewo ndi pomwe ndinazindikira kuti msewu umene mawu athu amadutsa uli ndi eni ake, ndipo amene angathe kuutseka angathenso kuona amene akuyendamo.

Pali anzanga amene amati, "Ine ndilibe chobisa." Abale anga, bafa timalitchingiranji ndi udzu? Posamba palibe mlandu, koma si zoti aliyense wodutsa aone. Mayi wopita kukatenga mankhwala kuchipatala, banja lokambirana za ngongole, mphunzitsi wodandaula za malipiro pagulu la anzake, onsewa sanalakwe, koma mawu awo atagwera m'manja olakwika angawapweteke. Ndipo munthu akadziwa kuti pali khutu lina lomvetsera, amayamba kumeza mawu ngakhale oona. Zimenezi ndaziona pa magulu athu, pomwe akuluakulu olankhula bwino pabwalo amangoyika chala chovomereza basi.

Malamulo aakulu a dziko lathu ali kumbali yathu. Ndime 68 imateteza nyumba ndi makalata a munthu, ndipo ndime 71 imaletsa kusunga m'makompyuta mbiri ya munthu yokhudza ndale, chipembedzo ndi moyo wake wamseri. Ndikufuna INCM, yomwe imayang'anira makampani a foni, itiuze momveka, m'chiyankhulo chathu komanso pawailesi, kuti zithunzi za zitupa zathu zimasungidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndani amaloledwa kuziona.

Loweruka ndibwerera kumsika kuja ndi amayi. Ndikamupempha mnyamata uja mwaulemu kuti afufute zithunzi zitatuzo ife tikuona.