Evil Dead II si mkute wotenthetsa, anzanga

Usiku wathawu ndaoneranso Evil Dead II, ndipo ndadzuka nayo m'mutu, ndiye mundilole ndilankhulepo. Pali anzanga ena amene amati filimu imeneyi ndi chibwereza chabe, ati wotsogolera wake Sam Raimi anangotenthetsa mkute wa filimu yake yoyamba ya mu 1981, The Evil Dead, n'kutipatsanso mu 1987. Ine ndikukana ndi mtima wonse.

Komwe achokera maganizowa ndikukudziwa. Filimu ikangoyamba, Ash ndi chibwenzi chake Linda akupita ku kanyumba ka matabwa m'katikati mwa nkhalango, atsegula tepi ya munthu wowerenga mawu a m'buku la akufa, ziwanda n'kudzuka. Zimenezi tinazionadi m'gawo loyamba. Koma Raimi analibe chilolezo chogwiritsa ntchito zithunzi za filimu yake yoyambayo, choncho anangojambulanso mwachidule kuti atikumbutse. Zikangotha zimenezo, nkhani imalowera njira yakeyake.

Chimene chimandigwira mtima ndi momwe anthuwa anagwirira ntchito ndi zochepa. Gawo loyamba analijambula ku Tennessee ndi ndalama zosafika madola 400,000. Kamera ankaimangirira pathabwa, anthu awiri n'kumathamanga nayo m'tchire, kuti ife tione ngati chiwanda chikuuluka. Kenako Raimi anapanga filimu ina, Crimewave, yomwe inagwa chagada, ndipo zinthu zinamuvuta. Stephen King, mlembi wotchuka wa mabuku oopsa, amene anaikonda kwambiri filimu yoyamba ija, ndiye anamulankhulira kwa Dino De Laurentiis, mwini kampani yopanga mafilimu, kuti aikepo ndalama pa gawo lachiwirili. Zinapezeka pafupifupi madola 3.5 miliyoni. Kwa ife ndi chuma chosaneneka, koma ku Hollywood ndi za ndiwo chabe. M'kati mwa kanyumba kaja anamanga m'holo ya masewera ya sukulu ina ku Wadesboro, North Carolina, m'nyengo yotentha. Ted Raimi, mng'ono wake wa Sam, ndiye anavala chikhungwa cha labala kuti akhale Henrietta, mayi wogwidwa chiwanda wa m'chipinda chapansi uja, thukuta likuchita kudzaza m'chovalacho.

Tsono tiyeni pa dzanja lija, chifukwa mtima wa filimuyi uli pamenepo. Chiwanda chalowa m'dzanja lamanja la Ash. Dzanja lake lomwe layamba kumuswera mbale kumutu, imodzi, ina, inanso, kumukoka tsitsi, kumutembenuza n'kumugwetsa pansi. Iye atakomoka, dzanjalo likukwawa ndi zala, kukoka thupi lonse kuti lifikire chimpeni chili poteropo. Apa palibe kompyuta iliyonse. Ndi Bruce Campbell, wosewera ngati Ash, yekha m'khitchini, akudzimenya ndi kudzigwetsa, mpaka iwe woonera kuiwala kuti dzanjalo ndi munthuyo ndi thupi limodzi. Ukuseka misozi ili mbwembwembwe, koma msana ukuzizira, poti palibe kothawira mdani amene wamera pamkono pako. Mapeto ake alidula yekha ndi makina ochekera mitengo, magazi akumuthovukira kumaso.

Kenako mutu wa gwape wopachikidwa pakhoma utembenuka n'kuyamba kuseka. Nyali iseka, mabuku aseka, nyumba yonse ili chikhakhali, ndipo Ash naye alowa m'phwetemo, kuseka mpaka kusekako kusanduka kulira. Nthawi iliyonse ndikafika pamenepa ndimakumbukira adzukulu pamaliro. Anthu ali khuma, mitima yasweka, koma iwo aponya nthabwala mpaka wofedwa amwetulira pang'ono. Sikuti akunyoza imfa ayi. Mantha ndi chisoni zikafika pakhosi, thupi limafuna potulukira, ndipo nthawi zina potulukirapo ndi phwete. Raimi ndi Scott Spiegel, amene analemba naye limodzi, anakulira pa nthabwala zomenyana ndi kugwetsana za gulu la azisudzo akale a ku America, The Three Stooges, ndipo anazindikira kuti chodzidzimutsa chimene chimakuseketsa ndi chomwecho chimene chimakulumphitsa pampando.

Pena ndivomereze. Alendo anayi amene amafika pakati pa filimu, kuphatikizapo Annie, mwana wa mwini tepi uja, sanalembedwe mozama, ndipo ena mwa iwo amangobwera kudzafa. Zidole zina zikuonekeratu kuti ndi zidole, monga mtembo wa Linda ukuvina panja. Koma ine zimenezo sizindichotsa m'nkhani. Ndimaona manja a anthu amene anaumba, kupenta ndi kusuntha chinthucho pang'onopang'ono, ndipo ndimawalemekeza. Mafilimu ambiri oopsa a masiku ano, odzaza ndi zojambula za pakompyuta, ndimawaiwala ndisanafike pogona. Iyi ndaionera kangapo konse, koma mbale zija zikamasweka ndimagwirabe mutu wanga.

Ana musawaonetse, magazi ake ndi ochuluka zedi, ofiira, akuda, ena obiriwira. Loweruka likubwerali ndikaionera limodzi ndi mng'ono wanga, wamkulu kale koma sanaionepo. Tidzathimitsa magetsi, ndipo gwape uja akadzatembenuza khosi, ine maso anga adzakhala pa nkhope yake.