Gawo la Pompeii lomwe lidakali pansi alisiye kaye

Akangolengeza kuti ku Pompeii afukula chipinda china chatsopano, funso la anthu ambiri limakhala limodzi: nanga bwanji osangofukula mzinda wonsewo kuti tione zonse? Ine ndiye ayi. Gawo lomwe lidakali pansi pa phulusa alisiye kaye momwemo, ndipo ndalama zomwe zilipo zipite ku madenga, ngalande ndi malipiro a anthu osamalira zomwe zinafukulidwa kale. Ndikudziwa kuti mawu otere sakoma m'khutu, makamaka kwa inu amene mumalakalaka kukapondako tsiku lina, koma tandimverani.

Pompeii ndi mzinda wa Aroma, kufupi ndi Naples kum'mwera kwa Italy, umene unakwiririka m'chaka cha 79 phiri la Vesuvius litaphulika. Sichinali chiphalaphala cha moto chomwe chinaukwirira, koma timiyala topepuka ndi phulusa, zomwe zinaunjikana mpaka kupitirira mamita 4. Mzinda wonse ndi wa mahekitala pafupifupi 66, ndipo ofukulidwa ndi ngati 44. Gawo limodzi mwa atatu ndiye lomwe tikukanganiranali.

Phulusa lomwe linapha anthu ndi lomwenso linasunga mzindawo. Khoma lojambulidwa zithunzi limakhala pansi zaka pafupifupi 2,000 utoto wake uli gwa, koma mukangolivundukula limayamba kulimbana ndi dzuwa, mvula, chinyezi, mizu ya udzu, mbalame ndi manja a anthu ofuna kukhudza. Pa 6 Novembala 2010 nyumba yotchedwa Schola Armaturarum, ya mumsewu waukulu wa Via dell'Abbondanza, inagwa yokha mvula itagwa kwa masiku angapo. Nyumbayi inapulumuka kuphulika kwa phiri. Inawonongeka ndi mabomba a nkhondo mu 1943, anthu n'kuikonza poiika denga lolemera la konkire, ndipo pomaliza dothi lonyowa la kumbuyo kwake linaikankha. Mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Giorgio Napolitano, ananena poyera kuti zinali zochititsa manyazi dziko la Italy. Manyazi omwewo ndi amene anatsegula matumba: mu 2012 kunayamba ntchito yaikulu yokonza malowa ndi mayuro 105 miliyoni, mbali yaikulu yochokera ku European Union. Ndalama zimenezo sizinali zosakira chuma pansi. Zinali zochirikiza makoma ndi kupatutsa madzi a mvula.

Vutoli linakula m'nthawi ya Amedeo Maiuri, yemwe anayang'anira Pompeii kuyambira 1924 mpaka 1961. Anali katswiri, sindikumunyoza, ndipo zambiri zomwe alendo amagoma nazo lero ndi iye anazitulutsa. Koma anafukula malo aakulu kuposa omwe boma likanatha kusamalira, ngati mlimi wogalauza munda waukulu pomwe opalira alipo awiri okha. Chivomerezi cha 1980 chitagwedeza derali, nyumba zambiri zopanda denga zinang'aluka, zina n'kutsekedwa kwa zaka zambirimbiri.

Tikabwerera m'mbuyo ndiye zimachita kuwawa. Kufukula kunayamba mu 1738 ku Herculaneum, mzinda wina womwe phiri lomwelo linakwirira, ndi mu 1748 ku Pompeii, molamulidwa ndi Charles wa banja la Bourbon, mfumu ya Naples. Ofukulawo sankafuna kudziwa momwe anthu ankakhalira. Ankafuna ziboliboli ndi zithunzi zokongoletsera nyumba ya mfumu ku Portici. Akapeza chithunzi chabwino ankachidula pakhoma n'kupita nacho, china chomwe aona kuti n'chosayenera mfumu ankachigumula kuti wina asachitenge, kenako n'kukwiriranso nyumbayo. Mfumu yomweyi ndi imene inayambitsa mu 1752 nyumba yachifumu ya ku Caserta, ya zipinda 1,200, yomwe anaijambula Luigi Vanvitelli. Mu 1759 mwiniwakeyo anapita kukalowa ufumu ku Spain asanagonemo ndi tsiku limodzi lomwe. Imeneyo ndi nkhani ina, koma ikusonyeza mtima wa anthu amene anayamba kugwira khasu pa Pompeii.

Mwina mukuti amenewo anali akale, lero kuli akatswiri odziwa ntchito. Zoona. Koma akalewonso ankadziona odziwa ntchito. Taonani nkhani ya mipukutu. Cha m'ma 1750 ofukula anapeza mipukutu ya gumbwa yoposa 1,000 m'nyumba ina ya ku Herculaneum, yomwe lero imatchedwa Villa dei Papiri. Inali itapserera n'kukhala ngati makala. Pofuna kuwerenga msanga, ina anaidula ndi mpeni, ina anaithira mankhwala, ndipo yambiri inanyenyeka. Wansembe wina, Antonio Piaggio, anapanga makina oitambasulira pang'onopang'ono, koma nayonso inkang'ambika. Yomwe inaoneka yovuta kwambiri anangoisiya. Ndiye mu 2023 anthu anayamba kuwerenga mpukutu wosatsegula n'komwe, poujambula ndi X-ray n'kugwiritsa ntchito kompyuta kuzindikira inki, ndipo pofika Febuluwale 2024 anali atawerenga zilembo zoposa 2,000 za Chigiriki. Mipukutu yomwe ikuwerengeka lero osaitsegula ndi yomwe akale anaigonja. Yambiri mwa yomwe anaithamangira ndi mpeni ndi mankhwala inapita basi.

Chimodzimodzinso matupi aja mumawaona pa zithunzi, ogona chafufumimba, ena atabisa nkhope. Si matupi enieni. Munthu akafera m'phulusa, phulusalo linkauma momuzungulira, mnofu n'kuola, n'kutsala mphako yooneka ndendende ngati iyeyo. Giuseppe Fiorelli, yemwe ankayang'anira ntchito yofukula, ndiye anayamba mu 1863 kuthira pulasitala m'mphakozo. Isanafike nthawi imeneyo, kwa zaka zoposa 100, ofukula ankangogumula mphako n'kutola mafupa. Anthu akufa omwe anapezeka ndi oposa 1,000, koma oumbidwa ndi pulasitala ndi ongopitirira pang'ono 100. Ndipo ngakhale pa amenewa tikuphunzirabe. M'nyumba ina munapezeka munthu wamkulu wovala chibangili cha golide, mwana ali pamiyendo pake, ndipo kwa zaka zambiri alendo ankauzidwa kuti ndi mayi ndi mwana wake. Mu 2024 atayeza DNA ya mafupa anapeza kuti wamkuluyo anali mwamuna, ndipo panalibe ubale wa magazi ndi mwanayo. Fiorelli sakanalota zoterezi. Nanga ife tikudziwa bwanji zomwe adzukulu athu adzathe kuwerenga m'dothi lomwe lero tikulitaya ndi wilibala? Malo amafukulidwa kamodzi kokha. Dothi likachoka silibwereranso momwe linasanjikirana.

Pali mbali ina yomwe imandivuta, ndipo sindiibisa. Zinthu zomwe zandigwira mtima kwambiri za Pompeii zachokera m'kufukula kwa zaka zaposachedwapa. Kuli kamalo kogulitsira zakudya zophikaphika komwe anakaonetsa mu 2020, kokhala ndi zithunzi za tambala, abakha ndi galu womangidwa chingwe, ndipo m'mitsuko yake munali zotsalira za nkhumba, mbuzi, nsomba ndi nkhono. Kuli chipinda cha akapolo cha ku Civita Giuliana, kunja pang'ono kwa mpanda wa mzinda, chomwe anachipeza mu 2021: mabedi atatu a matabwa ndi zingwe, limodzi laling'ono ngati la mwana. Kuli nyumba yophikira buledi yomwe anailengeza mu 2023, momwe akapolo ndi abulu ankatsekeredwa limodzi kuti azizunguza mphero, timawindo take tili m'mwamba ndiponso totchinga ndi zitsulo. Mafumu a Bourbon akanafika m'zipinda zotere akanangodutsa, poti munalibe golide. Palinso mawu olembedwa ndi khala pakhoma omwe anapezeka mu 2018, otchula tsiku la pakati pa Okutobala, amene analimbikitsa maganizo akuti phirilo silinaphulike pa 24 Ogasiti monga tinkawerengera.

Koma funsani chomwe chinachititsa kuti afukule malo amenewa. Ambiri ali m'malire mwa gawo lofukulidwa ndi losafukulidwa, pomwe chigumula cha dothi chinkaopseza makoma monga zinachitikira mu 2010, ndiye anafunika kuchepetsa dothilo. Ku Civita Giuliana anathamangirako chifukwa akuba anali atakumba kale ngalande za pansi n'kumatulutsa katundu, mpaka apolisi ndi oimira boma pa milandu analowererapo. Kufukula kotere ndilibe nako mlandu. Ndi kopulumutsa chinthu chomwe chikanawonongeka. Komwe ndikukana ndi kufukula kofuna kuti mwezi uliwonse pakhale chithunzi chatsopano chokopera alendo.

Alendowo ndiye achuluka kale. Mu 2024 anapitirira 4 miliyoni, ndipo Lamlungu loyamba la mwezi, pomwe malo a boma otere amalowetsa ulere, tsiku lina analowa oposa 30,000. Kuyambira Novembala chaka chimenecho mkulu wa malowa, Gabriel Zuchtriegel, anaika malire akuti patsiku azilowa anthu osapitirira 20,000, ndipo tikiti iliyonse izikhala ndi dzina la mwiniwake. Ena anadandaula. Ine ndinaombera m'manja. Miyala ya m'misewu ingapirire, koma timiyala tokongoletsa pansi m'nyumba ndi pulasitala wa m'makoma sizinapangidwire khamu lotere. Pali ena amatola kamwala kuika m'thumba, patapita zaka n'kukabweza pa positi ndi kalata yopepesa yonena kuti kawabweretsera tsoka. Kamwalako kakabwera palibe amene angadziwe khoma lomwe kanachokera.

Wofuna zatsopano asadikire khasu. Ku Oplontis ndi ku Stabiae, mtunda waufupi kuchokera ku Pompeii, kuli nyumba zikuluzikulu za Aroma komwe alendo amakhala ochepa. Zinthu zambiri zabwino za Pompeii zili mu myuziyamu ya boma ya ku Naples, kuphatikizapo chithunzi chachikulu cha timiyala cha Alexander Wamkulu akumenyana ndi Darius, mfumu ya Perisiya, chomwe anachipeza mu 1831, ndipo zina zambiri zili m'zipinda zosungira katundu momwe alendo salowamo.

Ngakhale pa Villa dei Papiri, pomwe ena akulimbikira kuti afukule zipinda za pansi poganiza kuti muli mabuku ena, ine ndinena zomwezo. Mbali ya nyumbayo ili pansi pa tauni ya Ercolano momwe mukukhala anthu lero, ndipo madzi a pansi amavuta kale pagawo lomwe linatsegulidwa. Mipukutu mazanamazana yosatsegula ili m'laibulale ya boma ku Naples. Ayambe awerenga imeneyo.