Zaka ziwiri sizikwanira, tsekani dzina la mwana wanu

Makolo anzanga amene muli ndi ana m'sukulu za ku America, nkhani ya PowerSchool musaiike kumbuyo ngati inatha. Ine ndikuona kuti mavuto ake adzabwera ana athuwa atakula, ife titaiwala.

Pa 28 Disembala 2024 kampani imeneyi, yomwe imasunga kaundula wa ana m'sukulu zambirimbiri za ku America ndi ku Canada, inazindikira kuti munthu wina walowa m'makompyuta ake. Analowa ndi password yobedwa, ndipo pakhomo lomwe anadzera panalibe chitetezo chachiwiri chija chokutumizira nambala pafoni. Zikalata za kukhothi zimatchula ana opitirira 60 miliyoni ndi aphunzitsi 10 miliyoni. Zomwe zinatuluka ndi mayina, maadiresi, masiku obadwa, mafoni a makolo, kwa ena za matenda awo, kwa enanso nambala ya Social Security, imene boma la America limazindikirira munthu. Kampani inalipira dipo italonjezedwa kuti zonse zifufutidwa, koma pofika Meyi 2025 maofesi a sukulu ku North Carolina ndi ku Toronto anayamba kulandira mauthenga ofuna ndalama zina. Matthew Lane, mnyamata wa zaka 19 wa ku Massachusetts, anavomera mlandu ndipo anamulamula kukakhala kundende zaka zinayi. Madzi akatayika saoleka, mnyamatayo ali m'kati koma palibe angalumbire kuti zomwe anakopera zinatheratu.

Chomwe chimandiwawa n'choti mabanja anapatsidwa zaka ziwiri zoti kampani ina iziwayang'anira ngati dzina likugwiritsidwa ntchito mwachinyengo. Zinali zaulere. Koma mwana wa zaka 7 akadzafika 9 chitetezocho chidzakhala chitatha, pamene nambala yake adzakhala nayo mpaka imvi. Akuba amakonda nambala za ana chifukwa zilibe mbiri ya ngongole ndipo palibe amazifufuza. Munthu akhoza kutenga nayo khadi ya ngongole, kulumikizitsa magetsi, kupezera ntchito, mwini wake akusewera mpira panja. Zimadzaululika ali ndi zaka 18, akufuna ngongole ya kukoleji kapena nyumba ya lendi, akumuuza kuti ali ndi ngongole zomwe sanazionepo. Taganizani mwana amene munamuvutikira, mukugwira mashifiti a usiku, akuyamba moyo wake ndi dzina loipa kale.

N'chifukwa chake ndikuti tsekani. Amati credit freeze, kutseka failo ya mbiri ya ngongole ya mwana kuti wina asakongole m'dzina lake. Kuyambira mu Seputembala 2018 lamulo la dziko lonse la America limalola kholo kutsekera mwana wosakwana zaka 16 popanda kulipira kanthu. Ntchito yake ndi ya madzulo amodzi patebulo: fotokope ya setifiketi ya kubadwa ya mwana, ya khadi yake ya Social Security, ya ID yanu, ndi chikalata chosonyeza komwe mumakhala, ngati bilu ya magetsi. Zonsezi katatu, maenvulopu atatu, chifukwa makampani atatu osunga mbiri ya ngongole za anthu, Equifax, Experian ndi TransUnion, aliyense amafuna zake. Mwana ngati analibe failo amamutsegulira n'kuitseka pomwepo, ndipo wina akadzayesa kukongola m'dzina lake banki imalephera kuona failoyo, n'kumukana. Makalata omwe akuyankheni muwasunge pamodzi ndi mapasipoti, adzafunika potsegula. Wa zaka 16 ndi 17 akhoza kupempha yekha. Ku IRS, bungwe la misonkho, mukhozanso kumutengera nambala yapadera yotchedwa IP PIN kuti wina asamulembe pa msonkho wake ngati mwana wake.

Kalata ya khadi ya ngongole kapena ya otolera ngongole ikabwera m'dzina la mwana, musaitaye n'kumati alakwitsa adiresi. Kadandauleni ku FTC, bungwe la boma loteteza ogula, kudzera pa IdentityTheft.gov. Ndipo wina akaimba foni akutchula dzina la mwana, kalasi yake ndi aphunzitsi ake molondola, musagonje nazo, dulani n'kuimbira sukulu nokha.

Tsono za ufulu. Ambirife tinaleredwa kuti aphunzitsi sawafunsa mafunso, ndipo kukhala m'dziko la eni kumawonjezera mantha, makamaka amene mapepala awo sanalongosoke. Koma lamulo la FERPA la 1974 limati kholo likapempha kuona zonse zomwe sukulu inalemba za mwana wake, sukuluyo iyenera kumuonetsa pasanathe masiku 45, ndipo mukhoza kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Lembani kalata, musangoyankhula pageti. Funsani kuti zinabedwa ndi ziti za mwana wanu weniweniyo, nanga zapatsidwa kwa makampani ati ena. Lamuloli lili ndi pofooka pake: khothi lalikulu la America linagamula mu 2002 kuti munthu sangasumire sukulu potengera FERPA, amangokadandaula ku Department of Education. Milandu yomwe makolo anasumira PowerSchool inadzera malamulo ena, ndipo anaiphatikiza pamodzi kukhothi la ku California. Envulopu yonena za mlandu wa gulu ikafika muiwerenge bwino, mumakhala tsiku lomaliza.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa, sukulu ya boma singakane kulemba mwana chifukwa simunapereke nambala ya Social Security. Mzere umenewo pafomu mukhoza kuusiya. Ku Toronto zomwe zinabedwa zinafika mpaka kwa ana a mu 1985, anthu amene pano ali ndi zidzukulu. Ankazisungiranji? Pamsonkhano wa makolo funso limeneli lifunsidwe mokweza, ndipo ayankhe kuti mwana akachoka pasukulupo zake amazifufuta liti.

Abale akumudzi musati izi n'za kunja kokha. Malawi ili ndi Data Protection Act ya 2024, yoyang'aniridwa ndi MACRA, koma timaonabe mndandanda wa ana osalipira fizi, mayina ndi mafoni a makolo awo, ukuponyedwa pagulu la WhatsApp la anthu mazana. Mukaona zimenezo, lembani kwa ahedi kuti achotse, ndipo akakana pitani nazo ku MACRA.