Mafunde ndi amodzi, nsanja n'zosiyana: netiweki ya Malawi pambali pa ya anansi

Amene amayenda pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amadziwa kuti pali malo ena pomwe msewuwo ndiwo malire: dzanja ili Malawi, dzanja ilo Mozambique. Ukafika cha ku Lizulu foni imatha kulira, poyang'ana n'kupeza uthenga wokulandira m'dziko la eni, chonsecho sunatsike m'minibasi ndipo pasipoti ili kunyumba. Foniyo sikuti yasokonekera ayi. Yangogwira nsanja imene ikumveka mwamphamvu, ndipo nsanjayo ili tsidya linalo. Zomwezi zimachitika ku Muloza, ku Mchinji, ku Songwe, ngakhalenso pa Likoma, chilumba chathu chimene chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Ochenjera a m'malire amalowa m'masetingi n'kusankha okha netiweki, kuopa kuti mayunitsi angathere roaming, mtengo wogwiritsa ntchito netiweki ya dziko lina, ali pakhonde pawo.

Chimene chimathekera kuti foni yogulidwa ku Limbe igwire nsanja ya ku Angonia kapena ya ku Chipata n'chakuti mayiko onsewa amagwiritsa ntchito mafunde ofanana. Bungwe la ITU, la United Nations loona za matelefoni, linagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu pa nkhani ya mafunde a wailesi, ndipo Africa yense ali m'chigawo choyamba pamodzi ndi Ulaya. N'chifukwa chake 2G yathu ili pa 900 ndi 1800 MHz (muyeso wa mafunde), 3G kwenikweni ili pa 2100, 4G imapezeka kwambiri pa 800, 1800 ndi 2600, pomwe 5G ambiri akuiika cha ku 3500 MHz. Amene analandirapo foni yochokera ku America angakumbuke kuti mwina inkaimba bwinobwino koma 4G osaoneka. Kumeneko anazolowera mafunde ena, monga 850 ndi 1900, ndipo mafoni ena opangidwira msika wawo alibe Band 20, yomwe ndi 800 MHz. Musanagule foni kwa munthu, funsani zimenezo, osangoti kamera ndi yamphamvu bwanji.

Manambalawa sali chabe. Nambala ikakhala yotsika, mafundewo amafika kutali, amadutsa mitengo ndipo amaloweka m'nyumba ya njerwa. Ikakhala yokwera amanyamula zinthu zambiri nthawi imodzi koma amathera pafupi. Zili ngati ng'oma yaikulu imene imamveka mpaka mudzi wachitatu, pomwe chisekese, ngakhale chilire mwachangu chotani, chimathera pabwalo pomwepo. Ndiye kwa dziko limene anthu ambiri ali kumudzi, chuma chenicheni ndi 700, 800 ndi 900. Mafunde a 700 ndi 800 poyamba anali a wailesi yakanema yakale ija, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene mayiko anagwirizanirana kuti pofika 17 June 2015 akhale atasamukira ku dijito chinali choti mafundewa amasuke apite ku mafoni. Madikoda a Kiliye Kiliye aja anali mbali ya nkhani yomweyi, ngakhale ambiri tinkangoona kuti ndi nkhani ya TV.

Ngati mafunde ndi amodzi, kusiyana kuli pati? Kwa ine kuli pa yemwe anapatsidwa mafundewo ndi zimene anachita nawo.

Kwathu kuno nkhani yake ndi yaifupi. TNM inayamba mu 1995 ngati mgwirizano wa Telekom Malaysia ndi kampani ya boma ya zamtokoma ndi matelefoni. Celtel inabwera mu 1999, inasanduka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Kuyambira pamenepo makampani akuluakulu ndi awiriwa basi, 088 ndi 099. MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, yaperekapo ziphaso kwa ena. Tinamva za G-Mobile, tinamva za Celcom, ndipo mu 2022 dzina linali Malcel. Nthawi zonse manyuzipepala ankalemba kuti mpikisano wafika, mitengo itsika. Koma chiphaso ndi pepala, sichiimika nsanja.

Ku Mozambique n'kumene ndikufuna tikhalitseko, chifukwa zimene ife takhala tikulonjezedwa iwo zinawachitikira. Mpaka 2012 nawonso anali ndi makampani awiri: mcel ya boma, yomwe inayamba mu 1997, ndi Vodacom, imene inalowa mu 2003. Onsewa anakonda Maputo, Beira, Nampula ndi misewu ikuluikulu. Kenaka kunabwera Movitel, mgwirizano wa Viettel, kampani ya unduna wa zachitetezo ku Vietnam, ndi SPI, kampani yogwirizana ndi chipani cha Frelimo. Anthu a ku Vietnam aja sanayambe n'kulimbirana mabwana a m'tauni. Anayamba n'kukumba. Pomatsegulira ntchito yawo mu 2012 n'kuti atayala kale nthambo za faiba zopitirira makilomita 12,000 ndi kuimika nsanja pafupifupi 1,800, zambiri mwa izo m'maboma omwe ena ankati kulibe phindu. Ma SIM ankawagulitsa khomo ndi khomo, munthu ali pa njinga yamoto, akulankhula chinenero cha m'deralo. Patangopita zaka zochepa, kampani yomwe inabwera pomaliza inali ikupikisana ndi Vodacom pa kuchuluka kwa makasitomala. Ndiye musadabwe kuona m'midzi ina ya m'malire ku Ntcheu, Dedza kapena Mulanje munthu ali ndi foni ya ma SIM awiri, ina yakwathu ina ya 86, ya Movitel.

Sikuti zonse zinayenda mwa myaa. Mcel inafooka kwambiri, mpaka boma linaiphatikiza ndi TDM, kampani yake ya matelefoni a nthambo, n'kupanga Tmcel, yomwe yakhala ikulimbana ndi ngongole. Ndipo mu May 2024, bungwe la INCM, lomwe ndi MACRA ya kumeneko, linaika malire a mitengo yotsikitsitsa n'kuthetsa mabandulo opanda malire, ponena kuti kutsitsirana mitengo kungagwetse msika. Achinyamata anatuluka m'misewu ya Maputo, ndipo pasanapite nthawi ganizolo linaimitsidwa. Taganizani: kwa anzathu mkangano unali woti mitengo yatsika mopitirira. Kwathu, mu 2020, anthu ankachita kampeni yoti mtengo wa data utsike.

Tanzania inatenga njira yomweyo koma mokulirapo. Viettel yomweyo inalowa kumeneko mu 2015 ndi dzina lakuti Halotel, n'kupeza Vodacom, Airtel, Tigo, Zantel ndi TTCL ali kale m'bwalo. Tigo ija, itameza Zantel, tsopano ikutchedwa Yas. Chimene ndimawasirira a TCRA, omwe ndi MACRA ya ku Tanzania, ndi kagulitsidwe ka mafunde. Amachita okushoni poyera, aliyense n'kudziwa kuti wagula ndani ndipo walipira zingati. Mu 2018 anagulitsa 700 MHz, Vodacom ndi Azam Telecom n'kupereka madola pafupifupi 10 miliyoni aliyense. Mu October 2022 anagulitsanso mafunde a 700, 2300, 2600 ndi 3500, n'kutolera madola oposa 187 miliyoni. Pali otsutsa amene amati ndalama zimene kampani yathira mu okushoni ndi zomwe zikanamangira nsanja, ndipo pamapeto pake amazibweza ndi kasitomala. Ali ndi mfundo. Komabe kampani imene yalipira mamiliyoni kawirikawiri siikhalira mafundewo osawagwiritsa ntchito, monga amachitira wolandira chiphaso asanapeze ndalama.

Anachitanso zinthu zina ziwiri msanga. Kutumizirana ndalama pakati pa makampani osiyana kunayamba cha mu 2014, ndipo kuyambira 2017 munthu akhoza kusamukira ku kampani ina osataya nambala yake. Chachiwirichi n'chofunika kwa wabizinesi yemwe nambala yake inalembedwa kale pa chikwangwani ndi pa chitseko cha galimoto. Koma Atanzania nawo analira mu July 2021 boma litaika msonkho pa ndalama zotumiza pa foni, umene eni ake amautcha tozo, mpaka linachita kuutsitsa.

Pali chinthu chimodzi chimene mayiko awiriwa ali nacho chomwe sitingachitengere: nyanja yamchere. Nthambo za pansi pa nyanja za SEACOM, ya 2009, ndi EASSy, ya 2010, zimatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, ndipo ya 2Africa inafikanso ku Nacala. Intaneti imene timagwiritsa ntchito ku Mzuzu kapena ku Zomba imayenda mtunda wautali m'dziko la eni, ndipo mwini njira aliyense amafuna yake. Pa 12 May 2024 SEACOM ndi EASSy zitaduka pakati pa Mozambique ndi South Africa, intaneti inafooka ku Tanzania, ku Mozambique ndi kwathu kuno nthawi imodzi. Apo tinaona kuti tonse timamwa pa mpopi umodzi, kungoti ife tili kumapeto kwa paipi.

N'chifukwa chake woyenera kumuyerekeza ndi ife mwachilungamo ndi Zambia, popeza nayenso alibe doko. Iwo akhala ndi makampani atatu kwa nthawi yaitali: Airtel, MTN imene inagula Telecel mu 2005, ndi Zamtel ya boma. Mbiri ya Zamtel ndi phunziro palokha. Mu 2010 boma la Rupiah Banda linagulitsa magawo 75 pa 100 alionse kwa LAP Green ya ku Libya, ndipo mu January 2012 boma la Michael Sata linailanda, nkhani n'kukathera m'makhoti. Mpaka lero Zamtel ndi yachitatu, kumbuyo kwa awiri aja. Pofuna kampani yachinayi, ZICTA, yomwe ndi MACRA ya ku Zambia, inapereka chiphaso kwa UZI mu 2018, koma sinayambe n'komwe. Amene anadzayamba pambuyo pake ndi Zed Mobile, ya eni dziko. Choncho matenda a ziphaso zosabala sali kwathu kokha. Ndipo kungokhala ndi dzina lachitatu pa msika sikufanana n'kukhala ndi mpikisano wa mtundu wa Movitel. Ngakhale zili choncho, dziko lokhala ndi anansi asanu ndi atatu lili ndi njira zambiri zotulutsira faiba. Njira imodzi ikaduka kapena ikadula mtengo, amatembenukira kwina.

Za 5G sindichedwapo. Vodacom Tanzania inaiyambitsa mu September 2022, MTN Zambia mu November chaka chomwecho, ndipo mu 2023 Vodacom Mozambique inayamba ku Maputo pomwe TNM inayamba kuiyesa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Tonse tinalowa m'kati mwa chaka chimodzi, ndipo konseko ili m'malo ochepa a m'mizinda. Pa 3500 MHz pamafunika nsanja zothithikana, faiba yofika pa nsanja iliyonse, ndi foni zimene anthu ambiri sangazikwanitse. Mayi wa ku Nthalire kapena ku Makanjira amene amakwera pa chulu kuti uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money ulowe, vuto lake si kusowa kwa G wachisanu. Akufuna nsanja imodzi ya 900 yokhala ndi 4G ya pa 800, yosazima dzuwa likalowa. Pa chifukwa chomwechi, zokamba zothimitsa 2G zimene zimamveka ku South Africa sizingafulumire kuno. Foni ya mabatani ikadali ndi ntchito yaikulu m'mayiko onse anayiwa, ndipo ndikuona kuti 3G ndiyo idzayambe kupita, mafunde ake n'kuperekedwa ku 4G.

Nsanja yosazima ndi nkhani ya magetsi, ndipo apa palibe woseka mnzake. Mu 2024 chilala chitaphwetsa damu la Kariba, ku Zambia magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, mabatire a pa nsanja osapeza mpata wodzaza, netiweki n'kumagwa ngakhale mu Lusaka. Kwathu, Kapichira itaonongeka ndi namondwe wa Ana mu January 2022, majenereta a pa nsanja anamwa dizilo wosaneneka, dizilo yemwenso amasowa ndalama zakunja zikavuta. Pali china chimene sitiyenera kusirira: ku Zambia masamba a mchezo anatsekedwa pa tsiku la chisankho mu August 2021, ndipo ku Mozambique intaneti ya pa foni inkadulidwa pa zionetsero zotsatira chisankho cha October 2024. Nsanja zambiri sizithandiza ngati wina akhoza kulamula kuti zikhale chete.

Chodandaulitsa china ndi roaming. Achikulire pa nkhani za mafoni akukumbuka One Network ya Celtel, imene inayamba ku Kenya, Uganda ndi Tanzania mu 2006 n'kudzafika kwathu pambuyo pake. Unkawoloka malire n'kumalandira foni ulere, mayunitsi n'kugula a komweko. Papita zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo mayiko a SADC akhala akukambirana zotsitsa mitengo ya roaming, koma wamalonda wopita ku Kyela, ku Tete kapena ku Chipata amaonabe kuti chanzeru n'kugula SIM ya komweko.

Kodi kampani yachitatu ingathekedi kwathu? Mbali imodzi njira yaphwekako. Mu 2022 Helios Towers inagula nsanja za Airtel Malawi zoposa 700, kutanthauza kuti wobwera kumene akhoza kuchita lendi malo pa nsanja yomwe ilipo kale m'malo momanga yake, monga makampani a ku Zambia amachitira ndi kampani ya nsanja ya IHS. MACRA ikhozanso kumangirira mafunde otsika aja ku lamulo lakuti wowatenga afike m'madera akutiakuti pofika chaka chakuti, apo ayi awabweze. Mbali inayo ndi yolimba. Zipangizo za Huawei, ZTE, Ericsson kapena Nokia zimagulidwa ndi madola, pomwe kasitomala amalipira makwacha, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Viettel inapita ku Mozambique ndi ku Tanzania ili ndi ndalama zake, mainjiniya ake, ndi mtima wodikira zaka phindu lisanaoneke. Amene angafune kuchita zomwezo kuno ayamba wafunsa ngati adzathe kupeza madola ogulira zipangizo ndi otumizira phindu kwawo, ndipo yankho la funso limenelo silili ku MACRA, lili ku Reserve Bank ndi ku Capital Hill.